Kapulana Yofiira Pachitseko

Lolemba, 6 Outubro

Lachisanu lomaliza lija linali ngati ena onse. Tinapita limodzi ku eskritoriyo, ofesi ya bungwe la alimi a mbatata, ine kosungira matumba a mbewu, mkazi wanga Felismina ku makina ake. Chakumadzulo anandiitana: "A Josias, kapulana." Ndinamanga nsalu yake yofiira ija pachitseko kuti pasalowe munthu, n'kuimbira a kunthambi zathu ku Domwe ndi ku Lifidzi kuti aleke kulemba mu sistema ya pakompyuta. Iye anaimitsa maservidori, makompyuta akuluakulu aja, onse atatu, ndipo atatha pamenepo ndiye anatenga kopiya ya kaundula wa alimi. Ankati atatuwo amasunga kaundula mmodzi ndipo amawongolerana okha. Ukakhudza imodzi enawo ali maso, awiriwo amaiposa mawu n'kufufuta zimene waika. Pobwerera anandiseka kuti njinga yanga ikulira ngati mbuzi. Lamulungu mutu unamuwawa. Lachiwiri tinamuika m'manda. Miyezi iwiri tsopano.

Lachiwiri, 7 Outubro

Mayina a alimi a ku Lifidzi asowa mu kaundula, wina anafufuta mosadziwa. Nélio, tekiniko watsopano wochokera ku Tete, wabwezeretsa kopiya ya F. anthu akulembabe. Kapulana ayi, foni ayi. Mayina anaoneka pang'ono, n'kusowanso. Ndamumva ndi makutu anga: "Kopiya ya malemu ndi yowola." Ndinali pakhomo, thumba lili paphewa.

Lachitatu, 8 Outubro

A ku Lifidzi abwera ndi njinga kudzatenga mbewu. Wopanda dzina salandira. Shefi wathu, mkulu wa bungwe, a Rafael, anawauza poyera kuti malemu anasiya zinthu zosokonekera. Mayi wina anati, "Anafa ndi mayina athu, akatilimire kumandako." Ena anaseka.

Ndinapita kwa N. Ndinati, "Pepani, malemu ankayamba waimitsa onse atatu." Sanatembenuke n'komwe. "Madala, inu za matumba. Sistema ya masiku ano siimitsidwa." Mwana ameneyu sanamuonepo F. nkhope, koma dzina lake lili m'kamwa mwake tsiku lonse.

Lachisanu, 10 Outubro

N. wayesanso kawiri. Zasowanso kawiri. Sindinadye.

Loweruka, 11 Outubro

Mlamu wanga Laurinda wabweranso pa nkhani ya zovala. "Alamu, akubanja akufunsa. Mukusunga kuti muvale ndinu?" Ndinamuyankha moipa, sindilemba pano. Kodi ndigawe bwanji katundu wa munthu amene akutukwanidwa pamsewu?

Atapita ndinatsegula sutikesi ya F. koyamba. Fungo la sopo wake. Pansi pa kapulana yofiira panali kaderno, kabuku kake kolembamo. Tsamba loyamba, ndi dzanja lake lopendekera lija: Uza onse aleke. Manga chitseko. Imitsa yachitatu, yachiwiri, yoyamba. Bwezeretsa pa yoyamba yokha. Dzutsa yoyamba, enawo atengere kwa iyo. M'munsi anawonjeza kuti: "Usapupulume, mvula sigwera mu makina."

Lolemba, 13 Outubro

Ndaonetsa kaderno kwa Ivone, mlembi amene ankakhala tebulo limodzi ndi F. Anawerenga, n'kunena kuti, "Ndinkadziwa, titiyo, koma ndinkaopa." Kuopa! Masiku asanu ndi limodzi dzina la mnzake lili m'matope.

Lachiwiri, 14 Outubro

A ku Lifidzi anadzaza bwalo, mitambo yayamba kuda ndipo mbewu alibe. A Rafael anatuluka thukuta, Ivone atawauza za kaderno anati tiyese za m'menemo. N. anati, "Zikawonongeka musandifunse ine." Ndinati, "Palibe amene wakufunsani."

Ndinamanga kapulana. Ndinaimbira Domwe ndi Lifidzi. N. anafuna kutuluka, ndinaima pachitseko: pamangidwa, palibe wolowa, palibe wotuluka. Lamulo lachiwirilo ndawonjeza ndekha. Ndinkafuna aone. Ivone ankawerenga mokweza, iye akudina monyinyirika. Nyali za yachitatu zinazima, kenako yachiwiri, kenako yoyamba. M'chipinda munangoti zii. Ndiye anabwezeretsa kopiya ija, yomweyo yowola.

Mayina onse a ku Lifidzi abwerera, ndipo akhala. Zolembedwa chimwalirire F., Ivone alowetsanso kuchokera pa mapepala. N. anati intaneti ndiyo imavuta sabata yatha. A Rafael anati tiiwale zakale. Ndinawapempha kuti akanene pabwalo, pomwe ananenera zija. Anangoti, "Mayina apezeka." Dzina la F. sanalitchule. Ndinalitchula ine, ndikupereka thumba lililonse: "Kopiya ya Felismina." Mayi uja ananena za kumanda analandira lake maso ali pansi.

Lachisanu, 17 Outubro

M'mawa ndinakweza sutikesi panjinga mpaka kwa Laurinda. Nsapato, madiresi, mipango, zonse, agawane okha. Anafunsa za kapulana yofiira, ndinati ili pantchito.

N. wapempha kaderno kuti ajambule ndi foni. Ndapereka kwa Ivone, N. akuona. Kapulana ndaikhomera msomali kuseri kwa chitseko cha makina.

Chakumadzulo ndinali pakati pa matumba pamene Ivone anaitana: "Titiyo Josias, kapulana." Ndinatula thumba.