Kamsilikali Kopendekera Kumanzere

Achemwali anga okondedwa,

...ndiye mphaka uja, amene saopa ngakhale galu wa opala matabwa, atangoyang'ana pa kanema anaimitsa ubweya n'kutulukira pawindo, mpaka lero sanabwerere. Pepani, nkhani ndaigwirira kumchira. Muli bwanji kumeneko? Nanga alamu anga, mimba ija ikuwalolabe kudutsa pakhomo? Ine ndili bwino zedi, ndanenepa moti galasi layamba kundichepera. Pokonza mafoni ndi makanema palibe wondiposa, anzanga akangomva kutsokomola kwanga amabisa zida zawo.

Amayi ndiwo sali bwino, n'chifukwa chake ndalemba.

Mukukumbukira gemu ija malemu achimwene ankasewera mpaka zala kuchita matuza? Ya kamsilikali konyamula nyali m'chinyumba cha zitseko zambirimbiri, kakafa n'kudzukanso poyambira pomwe? Pano aisandutsa katuni, ikumaonetsedwa Loweruka masana. Ndinayatsa ndine, kuti amayi asekeko pang'ono.

Padi ya achimwene, kachipangizo kosewerera kogwira m'manja kaja, inali yotheratu. Kandodo kake kankakokera kumanzere, ndiye kamsilikali kawo kankayenda chopendekera, phewa likukhula khoma. Ndinkawapempha kuti ndikonze, ine katswiri, koma ankati ndisakhudze, anazolowerana. Akafika pachitseko ankakaimitsa, kukatembenuza kuti kaone kumbuyo, kenako n'kulowa. Palibe wina ankasewera choncho.

Achemwali, ka mu katuni kakuyenda chomwecho. Phewa kukhoma. Pachitseko kamaima, kucheuka, n'kutiyang'ana ife.

Amayi anaika kapu pansi n'kunena motsitsa mawu: "Ndi mwana wanga uyu. Akufunafuna njira."

Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndinawafotokozera kuti ojambula zimenezi ali kutali, sadziwa n'komwe kuti tilipo. Anandiuza kuti nditseke pakamwa, akuti ndine wolongolola chibadwire, ndinatuluka m'mimba ndikutsutsana ndi azamba.

Kuyambira pamenepo mpando wa achimwene salola munthu kukhalapo. Aukokera pafupi ndi kanema, padi ija aipukuta ndi mpango n'kuiika pamenepo. Loweruka sadya kanthu mpaka katuni ithe, ndipo pano Lachisanu nalo ayamba kusala. Mankhwala awo a mtima akumaiwala. Ndinayesa kubisa rimoti. Anakhala pansi pakhonde osasuntha, osalira, mpaka ndinaitulutsa ndekha ngati mwana wakuba shuga.

Musati ndine munthu wamantha. Ndinachita kafukufuku. Ometa tsitsi a pakona amayatsira makasitomala awo katuni yomweyo, ndiye ndinakaonera kumeneko. Nakonso kamapendekera chimodzimodzi. Mwaona? Ndi mmene anakajambulira basi. Amayi nditawauza anangogwedeza mutu osachotsa maso pa kanema.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Mu gemu muli chitseko chomaliza, chofiira, chimene achimwene sanachidutsepo. Anagona kuchipatala akuchitchulabe, akuti akachira akachitsegula. Loweruka lapitali katuni inathera m'kakhonde kolowera kumeneko, chitsekocho chikuonekera patali, nyali ya kamsilikali ikuthimathima.

Mawa lake amayi anachapa diresi lawo labwino lija, kulisita n'kulipachika kumutu kwa bedi. Makina awo osokera apatsa mkazi wa oyandikana nafe, makina amene ngakhale inuyo sankakulolani kukhudza. Nditafunsa kuti ulendo wa kuti, anandiyang'ana mokoma mtima ngati ndine mlendo.

"Ulendo woyamba anapita yekha. Uno sindimusiya."

Ndinaganiza zodula waya mkati mwa kanema, ntchito yoti ndingagwire nditatsinzina. Ndinaitembenuza, ndinamasula kumbuyo, koma manja awa, amene anatsitsimutsa mawailesi omira m'madzi, anangotsekanso osadula kanthu. Ndikadula, amayi adzati ndamutsekera mwana wawo panja, ndipo sadzadyanso konse.

Ndiye achemwali, ndagwira mwendo wanu. Bwerani Loweruka lisanafike, mudzawatenge akakhaleko kwanu. Munene kuti ana akudwala chifukwa chowasowa, munene chilichonse. Inu amakumverani. Ine amandiona ngati wailesi yosathimitsika.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, muwauze kuti amalume awo akadali okongola kuposa bambo awo. Mulungu akusungeni, akuyendetseni bwino panjira.

Ndine mlongo wanu,
Katswiri

Ndisanamate envulopu: za kwa ometa tsitsi zija ndakunamizani, monga ndinanamizira amayi. Kupita ndinapitadi. Kumeneko kamsilikali kamayenda mowongoka, pakatikati pa njira, ndipo sikacheuka. Bwerani msanga.