Akuti Ndikhale Mtaliyana Kuti Ndisewere Munthu Wakuda

Aphungu,

Musaseke, kwathu aseka kale mpaka kugwira nthiti. Ndine mtsikana wakuda koma woyera khungu kwambiri, ndipo ndimachita zisudzo. Kampani ina kuno ikukonza filimu ya mtsikana wakuda amene akudzibisa pakati pa azungu. Ndinati laponda lamphawi! Pondiyesa ndinalira mwaluso, onse anawomba m'manja, kenako anafunsa dera limene ndimakhala. Atamva kuti ndi dera la anthu akuda, bwana wawo anati, "Pepa mtsikana, m'filimuyi muli zopsompsonana ndi mnyamata wachizungu, ndiye kum'mwera kwa dziko lino, kumene tsankho lakula, sangaionetse. Titenga mzungu, tidzangomudetsako pang'ono."

A Feldner, amene amandipezera ntchito, akuti, "Sintha dzina, uzinena kuti ndiwe Mtaliyana, azikuyesa mzungu. Kampani ina ikukonzanso nkhani ngati yomweyo."

Amayi anga ayamba kale kuyeserera kusandidziwa. Mukudziwa mwambo wathu: wachibale akawolokera kwa azungu, mukakumana m'tauni sumupatsa moni, kuopa kumuulula. Dzulo m'basi amayi anandiyang'ana ngati sanandionepo, kenako ananong'ona, "Nanga pamenepo bwanji, Verlene? Ndikukhoza?" Akukhozadi, Aphungu, ndipo n'zimene zikundiopsa. Nditani?

V. T., Los Angeles, 1958

Mwana wanga,

Ndaseka, undikhululukire. Kukanidwa kusewera munthu wakuda chifukwa ndiwe wakuda, amenewa ndiye malodza.

Koma tamvera. Filimu imatha, anthu n'kubwerera kwawo, pomwe Utaliyana wakowo sudzaweruka. Atolankhani adzafunsa za makolo ako, ndipo amayi akowo udzawapha pakamwa m'nyuzipepala iliyonse. Zonsezo chifukwa cha chiyani? Mafilimu amenewa ndawaonera. Mtsikana amangolira mpaka kumapeto, ngati kuti tonsefe timadzuka tikusirira uzungu. Amene amawalemba sanadyepo nafe nkhuku ya Lamlungu.

Uwauze a Feldner kuti dzina lako ndi lomwelo. Akanyinyirika, peza wina, si iwo okha ali ndi lamya. Pita kumagulu a zisudzo a anthu athu. Malipiro ake ndi ongogulira sopo, koma kumeneko udzaseweranso anthu oseka. Ndipo zimene anakuuza bwanayo ukazifotokoze kubungwe lathu lomenyera ufulu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Chenjezo langa ndi ili: uwasiyitse amayi ako masewerawo lero lomwe. Akuseka kuti usaone pamene pakuwapweteka. Ukawoloka, lidzafika tsiku limene udzafune moni wawo pakati pa azungu, ndipo iwo, pokukonda, adzayang'ana kumbali.

Aphungu