Mendulo za Adada, Chitenje cha Amama

Lolemba, 4 Novembala

Kutentha. Nyenje kulira kuyambira m'mawa ngati zalipidwa. Matimati akuvunda pa benchi, ogula kulibe. Mutu ukugunda, mwina BP, mwina Wilkins.

Waimba foni ndili kumsika. Mlongo wanga yemweyo, amene ndinkamubereka kumbuyo amama ali kumunda. Akuti chaka chino pa mwambo wokumbukira asilikali pakhalanso chionetsero mu holo ya tchalitchi, pa boma. Zisoti, malamba, zithunzi, chilichonse cha nkhondo. Akufuna mendulo za adada. Chionetsero chikatha zipite ku Lilongwe kwa bambo wina wosonkhanitsa zinthu zotere, akuti kumeneko zikasungidwa bwino.

"Mdumbu, mlongo wanga, zinthu zimenezo si za m'chikwama cha munthu wamkazi. Ndi za kwa a Shaba."

Ine ndine wa kwa yani? Akuti ndinakwatiwa kwa a Nyirenda, ng'ombe za malowolo zinalowa m'khola, nkhani inathera pomwepo. Nanga bwanji msika wonse umanditchula NyaShaba mpaka lero?

Sindinamuyankhe bwino. Pafoni lilime limandiuma. Mayankho onse abwera foni itaduka.

Lachiwiri, 5 Novembala

Ndatsegula chitini cha mabisiketi. Zilipo zonse zitatu. Ndimadziwa kuti zilipo, komabe ndimatsegula.

Adada, a Zondwayo Shaba, anabwera nazo kuchokera ku Bama, ku nkhondo ya a Keyala, asilikali a mfumu ya Azungu. Maliboni ake enieni anadyedwa ndi makoswe ine ndili mtsikana, kwathu ku Edingeni. Novembala atayandikira, adada chete masiku angapo, osadya. Amama anatenga chitenje chawo chopitira kutchalitchi, chobiriwira cha mbalame zachikasu, chabwino chokhacho chimene anali nacho. Anang'amba m'mphepete, n'kusoka tinsalu titatu, n'kupachikapo mendulo. Chaka chonse chimenecho anapemphera ndi chitenje chong'ambika.

Kuyambira pamenepo adada ankavala choncho pa boma chaka ndi chaka. Wina akaseka ankati, "Ya mfumu ya Azungu inadyedwa ndi makoswe. Ya mkazi wanga ndi iyi, ilipobe."

Amama anayamba ndiwo kupita. Adada ndinawasamala ndekha m'nyumba muno, kuwasambitsa, kuwatembenuza. Wilkins ali ku Mzuzu, kubwera ndi shuga pa Khirisimasi. Chitini anandiika m'manja adada eni ake. "Usunge, mwana wane." Mboni panalibe. Ndicho chimene chikundidya. Bwenzi nditaitana munthu.

Ulusi wa amama ukadali wolimba. Kasokedwe kokhota, anali a dzanja lamanzere.

Lachinayi, 7 Novembala

Mavis, wa benchi yoyandikana ndi yanga, akuti ndikuchita nkhanza. "Iwe Linily, adada ako ankakonda kuonekera. Wawatsekera m'chitini ngati mbewu ya nyemba." Zinandilasa, chifukwa ndi zoona. Chimwalirireni, mendulo sizinaonepo dzuwa la Novembala.

Ndiye ndapita ndekha ku holo, Wilkins asanafike. Chitini m'chikwama, chikwama m'khwapa, ndathina mpaka thukuta. Mnyamata aliyense wa kabaza ndikumuona ngati wakuba.

Wokonza chionetsero ndi a Goodson, msilikali wopuma, wa ku Ntcheu. Wamtali, nsapato zowala, Chichewa chowongoka. Changa chimakhota ngati msewu wa ku Euthini. Ndinachita mantha, koma ndinanena zinthu ziwiri zimene ndinaloweza panjira. Choyamba, ndikubwereketsa, sindikupereka. Chachiwiri, tinsaluto tisachotsedwe.

Anayang'ana tinsaluto. "Si a lamulo awa, mayi. Koma ndamva." Anandiphunzitsanso kanthu. Mwini mendulo amavala kumanzere, pamtima. M'bale wa malemu akavala, amavala kumanja. Sindinkadziwa kuti m'bale amaloledwa n'komwe. Ndinafunsa ngati ndi amuna okha. Anati ayi.

Ndinati yewo chomene, n'kutuluka. Chikwama chopepuka.

Lachisanu, 8 Novembala

Mitambo yasonkhana, yabalalika. Mvula ayi.

Wilkins wafika, akugona kwa mnzake. Kwanga sanapondeko. Mavis wamuona akulowa mu holo ndi envelopu, wavala jekete dzuwa lonseli.

Ndatsegula chitini. Ndikudziwa kuti mulibe kanthu.

Loweruka, 9 Novembala

Ndilemba basi.

Ndinapita kukaona chionetsero, nditavala bwino. Anthu ambiri, ana asukulu pamzere. Matebulo oyala nsalu zoyera. Chisoti chachitsulo chobooka pambali. Majombo ouma gwa, okhota ngati nsomba zowamba. Chigubu cha madzi, lipenga lophwanyika kukamwa, chikwanje chimene akuti ankatemera nkhalango ya ku Bama. Zithunzi za anyamata owonda, makabudula aakulu, maso otuzuka. Ndinafunafuna nkhope ya adada, onse akufanana. Mayi wina wa ku Jenda analozera lamba n'kuyamba kulira, akuti agogo ake ankawamenyera lotere. Kenaka anaseka. Tonse tinaseka.

Kumapeto, kabati ya galasi yokhoma ndi loko. Mendulo za adada m'katimo.

Sindinazizindikire. Maliboni atsopano, ofiira, a buluu, owala ngati a pa keke ya ukwati. Pansi kapepala. Ndinawerenga pang'onopang'ono, kawiri. Zaperekedwa ndi mwana wawo, Wilkins Shaba.

Mbalame za amama palibe.

A Goodson anabwera okha. Akuti dzulo mwana wamwamuna wa malemu anabweretsa maliboni oyenera, n'kunena kuti banja lagwirizana. Anadula yekha ndi lezala. "Ndinaganiza kuti mwakambirana, mayi." Nkhope yawo inagwa. Ndinafunsa kumene tinsalu tapita. Sakudziwa. Wosesa anati zinyalala zonse amataya kudzala, kuseri kwa holo.

Ndinalowa m'dzalamo ndi nsapato zanga za kutchalitchi. Makoko a mango, ntchentche, mapepala, phulusa lofunda. Ana kundiyang'ana pa mpanda. Ayang'ane. Ndinafukula ndi manja. Tiwiri ndinatipeza pamodzi, tomatana ndi madzi a mango. Kachitatu pafupi ndi moto, kapsa kunsonga, mbalame yatsala mutu wokha.

Wilkins ndinakumana naye pageti, ndikununkha utsi. "Mdumbu, wapenga? Tinsanza timeneto n'timene tinkachititsa adada kusekedwa." Ndinangoti yayi. Liwu limodzi lokhalo ndi limene linatuluka.

Ndatichapa ndi sopo, ndayanika m'nyumba. Panja mphepo ingatenge.

Mawa bambo wa ku Lilongwe akubwera ndi galimoto. Kiyi wa kabati ndilibe. Chimene ndili nacho ndi mapini atatu.

Lamulungu, 10 Novembala

Sindinadye m'mawa. Tiyi yekha, nayenso anabwerera.

Ndinabaya tinsalu pa bulauzi yoyera, kumanja. Topanda mendulo, tongolendewera. Mavis atandiona anagwira pakamwa. "Akumanga iwe." Ndinati andimange. Mumtima ndikuwerengera kale amene angandibweretsere chakudya kupolisi. Anandiperekeza, koma anaima patali.

Pabwalo anthu thothotho. Apolisi, asilikali opuma ndi mendulo zawo kumanzere, akuluakulu pa mipando ya pulasitiki pansi pa tenti. Aliyense kaduwa kofiira ka pepala pachifuwa. Abale a malemu ali ndi mzere wawo kutsogolo. Wilkins ali momwemo, tayi pakhosi.

Ndinapita kukaima pambali pake.

Wapolisi wamkazi anabwera, mwana wamng'ono, wa kumwera. "Amayi, apa ndi pa abale a asilikali." Ndinati ndine mwana wa a Zondwayo Shaba, woyamba kubadwa. Analoza pachifuwa panga. "Nanga izi?" Ndinati ndi zimene ankavala adada, zitsulo zake zatsekeredwa mu holo. Anayang'ana Wilkins, Wilkins anayang'ana kumwamba. Mtsikanayo anachoka.

Kumbuyo wina anaseka. Ndinamva bwinobwino, "Agogo avala zigamba." Makutu anatentha. Wilkins akunong'ona mano ali pamodzi, "Ukutichititsa manyazi. Choka." Ndinati mbwenu uchoke ndiwe.

Kenaka lipenga. Aliyense chete, ngakhale ana. Nyenje zokha. Ndinkaopa kuti ndigwa, BP indichititsa manyazi pamaso pa boma lonse. Ndinagwira kansalu kopsa kaja ndi zala ziwiri. Ndinaona amama atakhala pakhonde, singano kumanzere, akuluma ulusi ndi mano. Adada anapita ku Bama, inde. Amama sanapite kulikonse, koma nkhondo ija anagona nayo zaka zonse, adada akamakuwa kutulo, akamabisala pansi pa bedi mvula ikagunda. Amama lipenga lawo ndani anawaimbirapo?

Sindinagwe.

Nditacheuka, Wilkins misozi mbwembwembwe mpaka pa tayi. Ndiye ankanyamulira adada mpando pa mwambo umenewu ali mwana. Ndinali nditaiwala. Ndinafuna kumugwira dzanja. Sindinamugwire.

Atatha kuika nkhata za maluwa, anthu anakhamukira ku holo. Bambo wa ku Lilongwe ali kale pa kabati, kabokosi ka thonje m'manja, akuyankhula Chizungu ndi Wilkins. Ine ndinangoima pamenepo, tinsalu pachifuwa. Kusuntha ayi.

A Goodson anatulutsa kiyi. Anayang'ana Wilkins, anayang'ana bulauzi yanga. "Kwathu ku usilikali, chida chimabwerera m'dzanja limene chinachokera. Ine ndinalandira kwa mayi awa. Za m'banja mukakambirane kwanu." Anandiika zonse zitatu m'manja, n'kundipinditsa zala.

Wa ku Lilongwe anatseka kabokosi kake mwaulemu, sanakangane. Wilkins anatembenukira kwa ine. "Lachitatu ndikubwera ndi akuluakulu a ku Edingeni. Tikaone ngati mwana wamkazi amalowa chuma cha bambo ake."

Ndinabwerera wapansi. Mendulo m'kamisolo, zozizira, kenaka zofunda.

Lolemba, 11 Novembala

Kumsika sindinapite. Mavis wandigulitsira matimati, akuti anthu akufunsa za ine. Ena akuti ndinachita bwino, ena akuti ndine mfiti. Onse agula.

Mantha abwerera. Akuluakulu akanena kuti ndipereke, ndikana bwanji? Mwambo uli kumbali ya Wilkins, ndikudziwa. Tsiku langa likadzafika, akhoza kukana kubwera pa maliro anga. Ndaganiza zobisa chitini kwa Mavis n'kunena kuti chabedwa. Yayi. Sindinabe kanthu, sindibisa kanthu.

Ndaganizanso za misozi ya Wilkins. Bwenzi atangondipempha.

Mvula yawaza pang'ono madzulo. Fungo la dothi.

Lachitatu, 13 Novembala

Ndadzuka, ndasesa, ndayala mphasa, ndabwereka mipando kwa aneba. Madzi a tiyi ali pamoto. Alendo ndi alendo, ndiwagwadira monga mwa mwambo. Kugwada si kupereka.

Maliboni atsopano ndawamasula bwinobwino, osadula. Ndawasita, ndawakulunga m'pepala loyera. Ndi a Wilkins. Ndi a lamulo, owala, oyenera mwana wamwamuna. Atenge. Akafuna kuona mendulo, khomo ndi ili. Novembala wamawa akafuna kuvala, adzavale kumanja, ndidzamubaya mapini ndekha. Koma pa chitenje cha amama, ndipo madzulo zidzabwerere m'chitini.

Ndidzanena zimenezi. Ndaloweza. Lilime likauma ndidzamwa madzi n'kuyambiranso.

Ziwiri ndasoka kale. Ndikulowetsa singano m'mabowo omwe aja a amama, n'chifukwa chake ndikuchedwa, iwo ankasokera kumanzere. Katsala kopsa kaja. Nsalu yafupika, mendulo ikhala pamwamba pang'ono kuposa zinzake. Ikhale.

Njinga zamoto ziwiri zaima panja. Mawu a Wilkins, ndi chifuwa cha munthu wamkulu. Akuti odi.

Singano ili m'manja.

Adikire, ndimalize mbalameyi.