Lole ya Ababa pa Kona Yachinayi

Lolemba, 4 Marichi

Kompyuta yakale ya bambo yafa. Čeda wokonza makompyuta wangoinunkhiza n'kuti, "Mlongo, iyi kaikeni m'manda, maluwa ndikugulirani ndine." Ndiye bambo ndawapatsa laputopu yanga.

Vuto ndi masewero awo aja oyendetsa lole m'mapiri, a pa CD yomwe anagula pamsika kuno ku Niš ine ndili kusekondale. Chidwalireni sitiroko mu Novembala, dzanja lamanja amaligwiritsa ntchito pamasewerowa basi. Supuni amakana. Kampira kofinya ka adokotala anapatsa galu. Lolemba likudzali akuyenera kupita kuchipatala cha ku akasupe otentha, masabata atatu olimbitsa dzanjalo. Malowo tawadikira miyezi inayi.

Lachiwiri, 5 Marichi

Laputopu ilibe ndi poika CD pomwe! Ndabwereka kachipangizo kowerengera CD kwa Čeda. Masewero akukana kutseguka. Kakungotuluka kabokosi konena kuti pali cholakwika, osanena kuti n'chiyani. Ndendende apongozi anga akale.

Lachitatu, 6 Marichi

Atseguka, koma bola akanangokana. Lole ikuthamanga ngati yalumidwa ndi mavu. Bambo agwera m'phompho pa kona yoyamba kasanu ndi kawiri. Munthu amene anayendetsa basi ya ku Pirot zaka 31 osagundapo ngakhale nkhuku.

Analiyang'ana dzanja lija n'kulibisa m'thumba la juzi. "Latha ili. Uwaimbire akuchipatala, malowo apatse wina."

Ndinati, "Ababa, si inu, ndi makinawa."

"Dalaivala wolephera amanamizira mabuleki."

Lachinayi, 7 Marichi

Nyemba sanazikhudze. Ndinayesa kuyendetsa ndekha kuti aone, ndinagunda mpanda ndisanatuluke n'komwe pageti. Ati ine ndingagwe ngakhale panjinga yoimika, ndiye palibe chomwe ndawaonetsa.

Čeda akuti masewero akale amathamanga motengera mphamvu za makina, ndiye makina a lero awapengetsa. Wandiikira pulogalamu yonamiza masewerowo kuti adakali m'kompyuta yakale. Pali nambala yoti ndizitsitsa kapena kukweza liwiro. Nditamufunsa nambala yoyenera anaseka. "Ndikanaidziwa bwenzi ndili ku Germany, mlongo."

Lachisanu, 8 Marichi

Tsiku la amayi padziko lonse. Anzanga kuntchito alandira maluwa, ine masana onse ndathera kufunafuna mawu a injini omwe anasowa. Abwerera cha m'ma 5, sindikudziwanso kuti ndinadina pati. Mutu ukuwawa.

Nambala ija ndaitsitsa kwambiri. Dala. Angopambana kamodzi, akwere galimoto Lolemba, zina tidzaona.

Loweruka, 9 Marichi

Ndadzimenya ndekha. Anadutsa kona yoyamba, yachiwiri, ine mtima m'malo. Kenaka anangoimitsa lole pakati pamsewu.

"Slađana, injini iyi ikulira ngati ng'ombe yodwala. Wachita chiyani?"

Ndinati palibe. Anandiyang'ana mpaka ndinaulula.

"Ndiye ukundigwirira chishalo ngati mwana wophunzira njinga? Ine?"

Apa ndinaphulika. Ndinati ndatopa, sabata yonse ndikulimbana ndi lole yabodza pamene mbale zadzadza m'sinki, mukafuna khalani ndi dzanja lanulo m'thumba mpaka liole. Ndinamenyetsa chitseko. Ndalira pamasitepe, a Jovanka oyandikana nafe akundidutsa ndi kabichi wawo ngati sakundiona. Zoti liole zija sindikanayenera kunena. Kuchipatala sindinaimbe, ndipo sindiimba.

Lamulungu, 10 Marichi

Khofi tamwa osalankhulana. Mabelu a kutchalitchi atasiya bambo anati, "Bwera nayo."

Anayatsa injini n'kutsinzina. "Kweza nambala yakoyo." Ndinakweza. "Kwezanso. Kwezanso, ukuopa chiyani? Eya, wapitirira, bweza pang'ono." Khutu ali nalo pa sipika ngati dokotala pachifuwa. "Apo. Imeneyo ndiye lole yanga. Chotsa manja."

Liwiro lake linandiopsa. Kona yoyamba anadutsa. Yachiwiri anakhula mpanda koma anadutsa. Pamlatho thukuta lili kamukamu pamphumi. Pa kona yachinayi chala sichinachoke pabatani, lole n'kupita yonse m'phompho.

Ine ndikungodikira kuti dzanja libwerere m'thumba.

Analisiya patebulo. "Apa ndagwa ndine," anatero. "Chapakatichi chachedwa kudzuka." Anachigwedeza kangapo, akuchiyang'ana ngati kondakitala waulesi. "Kuchipatalako zala amakonza?"

"Ndi zomwe adokotala akhala akukuuzani chiyambire Novembala."

"Nanga waimiranji? Sutikesi ili pamwamba pa kabati, ine sindifikira."