Chida Chotumiza Uthenga kwa Onse

Lolemba, 3 Malichi

Tsiku loyamba pa ntchito. Kachipinda kuseri kwa sitolo, kumtunda kwa doko. A Gibson, asuweni anga, apangira gulu la amayi ogulitsa usipa chothandizira cha pa foni. Amachitchula kuti AI. Ungoyankhula, icho n'kuchita. Chili ndi zida zake: chofunsa mitengo ya ku Mzuzu, choona za mwera, chotumiza mauthenga. Chida chilichonse chili ndi mawu ochifotokoza. AI imawerenga mawuwo kuti idziwe chida choti itenge.

Ine ntchito yanga kuwerenga mafotokozedwewo, kuyesa, n'kuchonga amene ali bwino. Ndikachonga, chidacho chipita m'mafoni a amayi. A Gibson akuti, "Iwe ngakhale mchenga mu usipa umauona." Ine wa Sitandade 8.

Lachitatu, 5 Malichi

Cha mitengo ndachibweza. Sichinanene ngati mtengo ndi wa ndowa kapena wa beseni. AI inasokonezadi. Akonza. Ndasangalala mumtima, nkhope pansi.

Nsapato yadukanso lamba pa chitunda cha ku Chikale.

Lachisanu, 7 Malichi

Cha mauthenga. Mawu ake: "Chimatumiza uthenga kwa amayi onse a m'gulu. Gwiritsa ntchito munthu akafuna kuti gulu limve nkhani." Achidule, omveka. Ndayesa ndi nkhani ya msonkhano, ya boti, ya beseni losowa. Zonse bwino.

Koma china chinandibwerera. Nanga maliro? Kwathu kuno mwana akakhala kutali sauzidwa pa foni. Amati, "Bwera, matenda akula," akamve atakhala pansi, pali omugwira. Mawu a chidachi sakunena kuti pali nkhani zosatumiza.

Pa msonkhano panali a Paston, mkulu wa mpingo, mlangizi wa gululi. Akazi awo ali m'chipatala. Nditchule maliro pamaso pawo? Ndiponso kuti ndiyese ndikanati wamwalira ndani? Kumuitanira munthu imfa ndi pakamwa panga. A Gibson anafunsa ngati pali china. Ndinati palibe.

Ndachonga.

Lachiwiri, 18 Malichi

Mayi ake a Keziah atisiya m'mawa. Keziah, mnzanga wa ku kwaya, anali ku Mzuzu ndi usipa. Amalume ake, posokonezeka, anatenga foni ya malemu n'kunena kuti gulu lidziwe. Amati amayi abwere kudzathandiza. AI inatenga chida chija. Onse a m'gulu. Keziah nayenso ndi wa m'gulu.

Wawerenga ali pa msika, yekha.

Chida sichinalakwe. Chachita zimene zinalembedwa, zimene ine ndinachonga.

Sindinadye.

Lachinayi, 20 Malichi

Taika. Ndinakhala ku moto ndi amayi, kutunga madzi, kutsuka mapoto, kuti ndisalowe m'nyumba ya siwa. Amayi ena akunong'ona. "Zamafoni zilibe mwambo." Wina akuti a Gibson achotsedwe. Dzina langa palibe walitchula. Bola akanalitchula.

Keziah anandipeza yekha kuseri kwa nyumba. Mawu atamuthera. Akuti, "Felistus, ndinawerenga ndikumuyezera munthu usipa. Ndinamaliza kuyeza. Ndinamuthokozanso." Akuti mu minibasi sanalire, amaopa anthu, mpaka pa Mpamba.

Anandigwira dzanja nthawi yaitali. Sakudziwa. Ndinatsegula pakamwa, munangotuluka pepani wa aliyense.

Loweruka, 22 Malichi

Ndawauza a Gibson. Kuti ndinaziona, ndinaopa kunena. Ndimayang'ana zala zakuphazi. Sanakalipe, ndiye zowawa kwambiri. Anangoti, "Tinakutenga kuti uzinena zimene ife sitikuziona. Ukakhala chete, AI imva kwa ndani?"

Tawonjezera mawu: "Nkhani ya imfa usatumize. Yamba wafunsa ngati abale ake onse auzidwa pamaso." Chidacho achichotsa m'mafoni; akuti sachibwezera mpaka nditayesa ndekha Lolemba. Ndinapempha kuti ayese iwo. Akana.

Lolemba, 24 Malichi

Ndinafika chipinda chisanatsegulidwe. Kuyesa ndi dzina la munthu wina sindikanatha. La Keziah ayi. La a Paston ayi.

Ndinatseka chitseko. Ndinanena pa foni yoyesera, "Uzani gulu kuti mayi a Felistus amwalira." AI sinamve. Ndinabwereza mokweza.

Inayankha, "Pepani. Kodi ana awo auzidwa kale pamaso?" Sinatumize.

Ndinayesanso ndi "atisiya", ndi "atsogola", ndi m'Chitonga. Pa "atsogola" inatumiza. Sindinachonge. Ndabweza, ndanenanso chifukwa chake pamaso pa onse, a Paston ali pomwepo.

Masana ndinathamangira kunyumba. Ama, mayi anga, ali pabwalo, akuyanika chinangwa cha kondowole. Akuti, "Akuthamangitsa ku ntchito?" Ndinangokhala pansi pafupi ndi miyendo yawo.

Mawa kwa Keziah, kukamuuza zonse. Ndiyambira pati, kaya.