Khoma Limene a Mbewe Anapenta pa Maliro Anu

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Za umoyo wanu mudzandiuza tikadzakumana, koma ili lokha mundiyankhe: pamene munkatiphunzitsa kuti pamaliro dzanja lothandiza silifunsidwa kumene lachokera, munaganizako zoti dzanja limenelo likhoza kugwira penti? Mawu anu aja andizungulitsa miyezi isanu ndi itatu tsopano, ndipo ndatopa.

Ndiyambe ndi zabwino, mungati mwana uyu amangolemba akakwiya. Mkazi wa mzime wanu Yohane anachira mu Epulo. Ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Munda wanu wa kuseri kwa tchalitchi Yohane analima yekha. Akuti chimanga chachitako, mtedza ndiwo wakana. Kuno ku Perth nkhwani wanga akuyesetsa, ngakhale dothi lake ndi mchenga wokhawokha: uthire madzi m'mawa, pofika masana ngati sunathire. Mkamwini wanu akadali pa unesi wake, ine ndikadasambitsa nkhalamba za eni.

Tsopano za khoma.

Uthenga woti mwatisiya utafika, ndege tinaipeza ya tsiku lachinayi. Masiku atatu amenewo maliro anu tinakhalira m'nyumba mwathu ku Girrawheen, ija munkaionera pafoni n'kumafunsa kuti, “Zipinda zonsezi akusesa ndani?” Anthu anabwera, amayi. Manesi ali m'mayunifomu, ana a ku yunivesite, ngakhale anzathu a ku Zambia. Amuna anatulutsa mipando n'kukakhala m'galaja, amayi anayala zitenje pansi. Pabalaza patadzaza anatsekula chipinda cha mdzukulu wanu Tadala, n'kusuntha bedi ndi wodilopu. Kuseri kwa wodilopuyo khoma linali bii ndi chuku, penti itatupa matuza. Ndipo kuseri kwa khoma limenelo ndi kubafa.

Ine maso anali odzaza misozi, sindinaone kanthu. Anaona ndi a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu, amene amawotcherera zitsulo ku Welshpool. Sanafunse munthu. Anapita kwawo n'kubwerako ndi chopalira, chitini cha penti ndi silikoni, kaphula komatira m'ming'alu kaja. Anapala chuku, anamata m'mphepete mwa shawa, anapenta. Akuti alendo sangatsamire uve pamaliro a mayi wa munthu. Pobwerera kuchokera kumudzi ndinawatengera akazi awo chitenje chowathokoza, ndipo ndinathokoza ndi mtima wonse.

Pasanathe miyezi iwiri chuku chinaboola penti ija. Tadala anayamba kukhosomola, pachifuwa kumalira ngati kamwana ka mphaka. Dokotala anati ndi mphumu, n'kufunsa ngati m'nyumba muli chinyontho. Kuchokera tsiku limenelo mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi akugona pamatilesi kumiyendo kwa bedi lathu. Ndikamufunsa m'Chichewa amandiyankha m'Chingerezi chake cha m'mphuno chija kuti chipinda chake chikununkha ngati sokosi yonyowa, ndipo sakunama.

Nyumbayi anatimangira a kampani zaka zinayi zapitazo, n'kutipatsa walanti, pepala lolonjeza kuti chikawonongeka chifukwa cha mamangidwe awo adzakonza okha. Ndinawalembera. Anatumiza munthu wawo, amene sanathe ngakhale mphindi khumi. Anakanda silikoni uja ndi kiyi wa galimoto n'kufunsa kuti wamata ndani. Mkamwini wanu, ulemu wake mukuudziwa, anayankha akumwetulira kuti ndi bwenzi lathu la kutchalitchi. Sabata yotsatira kalata inafika: popeza munthu wosavomerezeka ndi iwo anakhudza shawa, walanti yafa, nkhani yatha.

Ndinaimba foni. Munkandiuza kuti, “Esnart, ukakwiya yamba wamwa madzi, mawu sathawa.” Madzi sindinamwe. Ndinamuuza mtsikana wa pafoniyo zonse, ndi zina zosakhudzana ndi khoma. Anadula. Ndiye phindu lake linali lomwelo.

Mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera Fomu 2, Chingerezi ndinachitola pa mabotolo a mankhwala ndi m'kamwa mwa nkhalamba za kuntchito. Koma kuwerenga ndimawerenga. Mwezi wathunthu, nthawi yopuma masana, ndinkakhala m'galimoto ndi foni, liwu likandikanika n'kulifufuza mpaka ligonje. Ndinapeza kuti walanti si khomo lomaliza. Pamwamba pa pepala la kampani pali lamulo la boma, loti ntchito imene munthu walipira iyenera kugwiridwa mosamala ndi mwaluso, ndipo palibe kampani ingafufute zimenezo ndi timalemba take tating'onoting'ono. Kuno, ngati womanga anamanga mwachinyengo kapena mosasamala, uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi zokadandaula ku ofesi ya boma yoona za mamangidwe. Uyambe wamulembera womangayo, kumuuza chavuta n'chiyani ndi chimene ukufuna achite, n'kumupatsa milungu iwiri. Ndipo funso lenileni si loti ndani anakhudza shawa. Funso ndi loti madziwo akulowera pati.

Ndinaitana katswiri woyendera nyumba, wosakhala wa kampani. Anagunditsa kachipangizo kake pakhoma, n'kuchotsa thailosi imodzi. Anati pansi pa mathailosi a m'bafa amayenera kupaka chotchinga madzi, koma pakona yathu anangodutsitsa bulashi ngati munthu wothamangira basi. Silikoni wa a Mbewe alibe mlandu. Koma anandilangiza kuti ndipeze umboni woti chinyonthocho chinalipo a Mbewe asanagwire ntchito yawo.

Umboni woyamba unachokera kumene sindinkayembekezera. Mayi Phiri a mu kwaya anajambula vidiyo tsiku loyamba la maliro, yotumiza kumudzi kuti abale aone kuti kunonso tikulira. Ndi ya mphindi zinayi. Azimayi akuimba, ine ndagona pamiyendo pa munthu ndikubuma, ndipo pamwamba pa mutu wanga khoma lakuda lija likuoneka bwinobwino. Amayi, maliro anu ndawaonera kambirimbiri, osati kuti ndikulireni, koma kuti ndiimitse pamalo pamene chuku chikuoneka bwino. Mawu ndinachita kuzimitsa. Zimenezi mundikhululukire.

Wachiwiri unali wovuta: a Mbewe alembe okha zimene anapeza ndi zimene anachita, asayine. Mkamwini wanu anakana. “Munthu anatigwira dzanja pamaliro, ife tikamulowetse m'makalata a milandu? Anthu atiti bwanji? Zisiyeni, tidzakonza tokha.” Ine ndinati, “Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Anthu anuwo ndi amene akumva chifuwa cha mwanayu?” Masiku awiri tinkangopatsirana mchere osalankhulana.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapita ndekha kwa a Mbewe ku Mirrabooka. Ndinagwada monga munandiphunzitsira, ndinafotokoza pang'onopang'ono. Nditamaliza a Mbewe anati, “Ndiye kuti ndinakuwonongerani nyumba, mayi a Tadala?” Ine ndinati, “Iyayi bambo, anawononga ndi omanga. Inu munangophimba.” Liwu lomalizalo ndikanalimeza, koma pakamwa panga mukupadziwa. Akazi awo anadzuka n'kulowa kukhitchini. A Mbewe anatenga cholembera, analemba tsamba lathunthu osadumpha kanthu, anasayina, n'kundiperekeza mpaka pageti. Ndi munthu wabwino, amayi, n'chifukwa chake zikundiwawa.

Kuchokera pamenepo Mayi Mbewe amandipatsa moni wa nsonga za zala. Mwezi watha kunali maliro kwa mnzathu wina amene bambo ake anamwalira ku Kasungu. Babu la m'khonde linali litapsa. Amuna asanu anaima pansi pake manja m'matumba, wina n'kunena mokweza kuti, “Osakhudza chilichonse, anyamata, aloya athu afika.” Anthu anaseka. Ndinakwera pampando ndekha n'kusintha babulo, ndipo sindinayankhe munthu. Lembani tsiku limenelo kumeneko, chifukwa sizichitikachitika.

Sindikuti munalakwa kutiphunzitsa zija. Popanda manja amenewo sitikanafika n'komwe kumanda kwanu. Ndikungoti kuno dzanja limafunsidwa, limafunsidwa dzina ndi chiphaso, ndipo amene anapaka chotchinga madzi mwaulesi wapezerapo pobisala pa chifundo cha munthu wina. Chimenecho ndiye chikundikanika kumeza.

Dzulo ndatumiza kalata ku kampani. Ndaikamo zithunzi za mu vidiyo ija, lipoti la katswiri ndi tsamba la a Mbewe. Mulibe mwano ngakhale umodzi, mkamwini wanu anaiwerenga kawiri kufunafuna, ataulephera anangoti, “Bweretsani ndikakuponyereni.” Milungu iwiri ikatha osayankha, kapena akayankha zomwe zija, ndikukatula nkhaniyi ku ofesi ya boma, ndipo ndikakhala pamzere mpaka andimve.

Ndimakukondani, amayi, ndipo ndimakusowani kwambiri masiku ngati ano, pamene ndikufuna munthu wondikalipira koma ali kumbali yanga. Ndikulonjeza kuti nkhaniyi ikatha ndidzapita kwa Mayi Mbewe kukapepesa liwu lija, ngakhale linali loona. Koma ithe kaye. Mawu amene ndatsekera kalata yawo ndikulemberaninso inu, mukhale mboni yanga: sindikufuna penti, sindikufuna pepani wa pafoni. Abwere adzachotse mathailosi onse, apake chotchinga madzi chimene anaba pantchito yawo, aumitse khomalo, mwana wanga akagone m'chipinda chake n'kupuma ngati ana a anthu ena.

Ndine mwana wanu wovuta uja,
Esnart