Njovu Yanga Yopanda Chitamba

Lolemba, 9 Juni

Tsiku loyamba ku gulu la amayi, patchalitchi pano pa Mwazisi. Mayi Pamela akutiphunzitsa kupanga tinyama ta ubweya wa nkhosa, toti tizikagulitsa kwa alendo odzaona nyama ku Kazuni, kunkhalango ya Vwaza. Osasoka ayi. Singano yake ili ndi timinga, umangobayabaya ubweyawo pasiponji mpaka ugwirane, ulimbe. Njovu za anzanga zikuoneka kale. Yanga mbatata. Mayi Pamela anaikweza m'mwamba, amvekere, "Iyi ndiye yadwala chomene." Onse kuseka. Ine maso pansi. Zala zonse mabala.

Lachinayi, 12 Juni

Sindinapiteko. Ndikuphunzira ndekha kuseri kwa chigafa cha fodya, mwana wanga Lusungu ali kumsana. Pakhomo pano sindifuna munthu aone, amanena kale kuti mkazi wa ku Ntchisi sadziwa kanthu. Thupi latheka, mutu, miyendo inayi. Chitamba ndi makutu zikundikanika. Ndikaiimika ikugwa, ndiye ndimaibaya itagona chagada. Ndikatopa ndimaikulunga m'kansanza ka chitenje chakale cha apongozi, n'kuisomeka kudenga la chigafa.

Bambo ake a Lusungu ku Joni foni siikulowa.

Lamulungu, 15 Juni

Apongozi agonekedwa kuchipatala kuboma. Chilaso, akuti chikuwabaya m'nthiti. Dzulo alamu anga a Dinah anandipeza kuchigafa singano ili m'manja. Anangobwerera. Lero m'mawa kudenga kulibe kanthu. Kutchalitchi benchi yonse ndekha.

Lachiwiri, 17 Juni

Anditengera Lusungu. A Dinah anam'masula kumsana kwanga ngati akum'chotsa pamoto. Akuti ndaumba kamunthu, manja ndi miyendo, ndakaveka nsalu ya amayi awo, ndikukabaya m'nthiti mobisala. Ndinene kuti ndi njovu? Akhulupirire ndani? Ine ndemwe ndikakumbukira momwe kakuonekera, mtima ukuti myu.

Lachisanu akuti abale akhala pansi. Akandibweza kwathu ndipita ndekha. Ng'ombe za lobola zinapita kale, mwana ndi wa pano, kuno si kwathu komwe mwana amatsata mayi. Mabere atupa, mkaka ukudontha pabulauzi. Ndikumumva akulira m'nyumba ya a Dinah. Akum'patsa phala, iye akulavula, ndikudziwa kaliridwe kake.

Ndinathamangira kwa Mayi Pamela kuti adzandinenere. Pakhomo loko. Ali ku Mzuzu, abwera sabata yamawa.

Mulungu wanga, ndikanangolola kusekedwa.

Lachisanu, 20 Juni

Apongozi anatuluka dzulo, owonda koma akuyenda okha. Jakisoni wathandiza. Anthu thothotho pakhonde. Kanthu kanga pakati pa mphasa, chagada, miyendo m'mwamba, kansanza pambali. Nditagwada ndinati ndi njovu, za ku gulu. Mawu anatuluka ngati a mwana. Wina kumbuyo anatsokomola. Apongozi nkhope gwa. Anati, "Mkamwana, ngati ndi zovu, imalize tione." Anandibwezera singano.

Ndinakatenga ubweya wotsala. Ndinaupota pantchafu ngati chingwe, kuuika pamutu, kubaya, kubaya. Nthawi yonseyo a Dinah maso ali panthiti za amayi awo. Amayi awo phee, akufwenkha fodya. Ndinadzilasa chala, magazi pachitamba. Khutu lina lalikulu, lina ngati tsamba la bonongwe. Ndinaiimika. Inagwa. Ndinaiimikanso.

Apongozi anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako, "Zovu iyi ndi ya ku Ntchisi ndithu. Ku Vwaza sangailole." Khonde lonse kuseka, mpaka ana kugubuduka. Kuseka komwe kuja ndinkathawa. Ndinangozyolika, misozi mbwembwembwe, kuti aseke mpaka atope.

Wopepesa palibe. Apongozi eni ake anakam'tenga Lusungu n'kundiikira pamiyendo. "Yewo, amama," ndi zokhazo zimene ndinatha. Wayamwa mondikanda, mokwiya, mpaka kugona bere lili m'kamwa. Njovu ili m'manja mwake, chitamba chatsala pang'ono kuthothoka.

Lolemba ndipita nayo ku gulu momwe ililimu, yosakulunga. Ndikabayira pakhonde, masana. A Dinah adutsa kawiri pakhomo, moni ayi, koma maso panjovu. Ndikanawafunsa ngati akufuna kuyesa, koma Lusungu wadzuka, akufunanso bere.